Batala mu Filiji ya Mankhwala

Abale anga, ndakuonani nonse, ndipo zikomo pondipatsa mpata. Ine ndine Wyson Mhone, kwathu ndi konkuno ku Chintheche, kumunsi kwa msewu. Chichewa changa ndi cha Mtonga, mukamva mawu ena akhota muwawongole nokha. Andiuza kuti ambiri mwa inu mwachokera m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo ndinu amene mumasunga makiyi a sitolo ya mankhwala. Ena ndakuonani mwawapachika palamba kuti azilira mukamayenda. Musawabise tsopano, inenso ndinkatero.

Sindinabwere kudzakusangalatsani. Ndaima pano chifukwa cha mayi mmodzi, anesi a Kachale, mzamba wochokera ku Ntcheu. Mayi ameneyu ndinamuonongera dzina ndi ntchito pa mlandu umene sanapalamule. Wopalamula ndinali ine, koma pamene ndinkadziwa zimenezi n'kuti nditamaliza kale kumuononga.

Ndinalembedwa ntchito yosesa ndi kutchetcha pa chipatala china cha m'mbali mwa nyanja muno, dzina sinditchula. Sukulu ndinalekezera Fomu 2. Bambo amene ankasunga mankhwala atapuma pa ntchito, a inchaji, mkulu wa chipatalacho, anayang'ana uku ndi uku, n'kundiona ine ndikutsitsa makatoni m'galimoto.

"Mhone, Chingerezi umatha kuwerenga?"

"Pang'ono, bwana."

"Gwira makiyi awa."

Maphunziro anga onse a za mankhwala anayambira pomwepo n'kuthera pomwepo. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munawalandiranso chimodzimodzi, mukungoyang'ana pansi.

Mwezi usanathe ndinali "adokotala". Mutu unakula. Asodzi anayamba kubwera kuzenera lakuseri, wina akufuna makapusozi, wina mankhwala a malungo oti akasunge ku zando, kumene amakagonera posodza. Kwathu kuno munthu sapita kwa wamkulu chimanjamanja, ndipo akakuninkha nsomba sukana, ndi mwano. Ndiye iwo nsomba, ine mankhwala. Poyamba zinali za ndiwo chabe. Kenako nsomba ija ya batala inachuluka kuposa pakamwa pathu, ndipo wophika wa pa loji ina ku Kande anandiuza kuti alendo ake safuna wowamba, amafuna wamuwisi, wozizira. Zimene ndinkapeza kumeneko zinkathera m'masacheti ndi m'mabotolo. Ndinkatsegula sitolo m'mawa ndikununkha mowa wa dzulo, koma palibe ankandifunsa, poti makiyi anali ndi ine.

Nanga nsomba yaiwisi uisunga kuti kutentha kwa kuno? M'sitolomo munali kafiliji ka gasi, kakang'ono. Mkati mwake munkakhala timabokosi ta okisitosini, jekeseni uja amabaya mayi akangochira kuti chiberekero chifinyike, magazi asiye kutuluka. Pa bokosi panalembedwa kuti asungidwe pozizira, ndipo ndinawerenga, sindinama. Koma nzeru zanga zinali za kubala. Ndinkadziwa kuti botolo likatentha umalibwezera mu filiji, lizizira, umwa bwinobwino. Ndinati mankhwalanso ndi chimodzimodzi. Ndinatulutsa timabokosi tonse n'kutiika pashelefu yapamwamba, pansi penipeni pa malata, batala n'kulowa mu filiji. Tinakhala pamenepo chilimwe chonse. Inu mukudziwa mmene malata amaotchera mu Okutobala kunyanja kuno, ungakazinge chimanga.

Tsono anesi a Kachale anali munthu wosamala zedi. Akabwera kudzatenga okisitosini ankayamba agwira kabokosiko ndi kuseri kwa dzanja kuti amve ngati kakuzizira. Nditaona zimenezi ndinawachenjerera. M'mawa uliwonse ndinkatsitsa kabokosi kamodzi, kukalowetsa pakati pa nsomba, kuti akamabwera akapeze kali zii. Ankagwira, n'kugwedeza mutu.

"A Mhone, inu ndiye mumasunga bwino. Kumene ndachokera ankangotaya pawindo."

Ine n'kuseka, kunyadira. Ndinkaona ngati ndapeza nzeru yoti aliyense apindule.

Chilimwe chimenecho amayi angapo anataya magazi kwambiri atachira, ena mpaka kuthamangira nawo ku boma. Anapulumuka, koma kuchigayo ndi kumjigo kunayamba manong'onong'o akuti nesi wobwerayu ali ndi manja oipa. Ine ndinkamva, ndipo ndinkavomereza nawo.

Kenako inakwana nthawi ya mchemwali wanga Tamala, chitsirizira cha m'mimba mwa amayi. Inali mimba yake yoyamba. Anachira masana dzuwa lili paliwombo, mwana wamkazi, ndipo amayi anga anali atayamba kale nthungululu pakhonde. Posakhalitsa ndinaona anesi akuthamangira kuzenera langa, magulovu ali magazi okhaokha.

"A Mhone, okisitosini wina, msanga."

Ndinatsegula filiji, kukankhira nsomba pambali, n'kuwapatsa kabokosi kozizira bwino. Ndinathamanga nawo mpaka pakhomo la chipinda chochirira. Anabaya. Anatikita mimba ndi manja awo mpaka thukuta kuyenderera m'zigongono. Anaika diripi, anathiramo wina. Magazi osaleka. Ambulansi inali kwina, tinachita kupempha kagalimoto ka munthu wogula usipa. Tamala anagona pamiyendo panga, anesi atanyamula diripi m'mwamba, akumuitana dzina kuti asagone. Tikudutsa minda ya mpunga ya ku Limphasa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Achimwene, ndikumva kuzizira." Ndinamufunditsa shati langa. Sitinafike naye ku boma.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene zimandisowetsa tulo. Pamaliro anandisankha kuti ndilankhule m'malo mwa banja. Ndinali nditamwa, koma ndinaima nji. Ndinati, "Ine ndimagwira ntchito pachipatala pomwepo, ndikudziwa zimene ndikunena. Mankhwala analipo, abwino, ndinapereka ndi dzanja langali. Chimene chinasowa ndi nesi." Anesi a Kachale anali pomwepo pakati pa amayi, atabwera ndi nkhuni ndi ufa kudzatipepesa. Anthu onse anatembenuka kuwayang'ana.

M'mawa mwake ndinatsogolera gulu kunyumba kwawo. Tinatulutsa katundu yense kumutaya pabwalo, mbale, matiresi, mabuku awo a sukulu ya unamwino. Yunifolomu yawo yoyera ndinaitentha ndine. Kenako ndinawagwira manja onse awiri, kuwakweza m'mwamba kuti anthu aone, n'kukuwa kuti, "Manja awa ndi amene akumaliza akazi athu." Amayi ena anawalavulira. Wina anaponya mwala unawang'amba pachipumi. Iwo sanatukwane aliyense, ankangobwereza mawu amodzi, "Ndinachita zonse zimene ndinaphunzira." Apolisi anabwera kudzawachotsa, anakwera lole ndi zovala za m'thupi zokha. Ine ndinabwerera kunyumba ndikumva ngati mwamuna amene walipsira mlongo wake.

Kuchokera pamenepo mowa unandikwatira. Ndinkati ndikumwera chisoni. Mkazi wanga anapirira, anatopa, anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Usisya. Kumpingo seshoni inandiimitsa pa mgonero. Ndinkagona m'mabwato kugombe, asodzi n'kumandidzutsa ndi phazi, omwe aja ankanditcha adokotala. Ndinagulitsa njinga, wailesi, mpaka malata a khitchini ya amayi. Koma tamverani chodabwitsa: makiyi sanandilande. Chidakwa chodzikodzera, chosunga mankhwala a anthu a midzi yonse ija, chifukwa panalibe wina woti n'kumupatsa. M'sitolomo makatoni atsopano ndinkawaunjika kutsogolo, akale n'kumaolera kumbuyo mpaka kutha mphamvu. Poitanitsa mankhwala ndinkangolota manambala. Mwezi wina tinadzaza ndi mankhwala a m'maso okwanira boma lonse, a malungo tilibe ndi piritsi limodzi lomwe. Zinatero kwa zaka.

Ndiye kunabwera uthenga woti osunga mankhwala tonse tipite ku Mzuzu kukaphunzitsidwa. Boma linali litayamba kuona kuti ntchito imeneyi si yongopatsa aliyense wodutsa. Ine sindinapitire maphunziro, ndinapitira alawansi ndi nkhuku ya masana. Ndinakhala kumbuyo, mutu ukuwawa, ndikudikira kuti tiweruke.

Wophunzitsa anali mayi wina wa za mankhwala, wamfupi, wosakonda kuseka. Titabwera kotenga tiyi analowa ndi dzira lowiritsa m'manja. Analikweza m'mwamba.

"Dzira ili ndaliwiritsa. Ndikaliika mu filiji mpaka mawa, likhalanso laliwisi? Nkhuku ingaliswe?"

Anthu anaseka. Inenso ndinaseka. Kenako anatulutsa m'thumba kabotolo kakang'ono kagalasi, ndipo ndinakazindikira ndili kumbuyo komweko.

"Uyu ndi okisitosini. Akakhalitsa pamalo otentha amatha mphamvu, ndipo siibwerera. Dzira likapsa umaliona. Uyu saoneka. Madzi ake amakhala oyera chimodzimodzi, tsiku lotha ntchito pa bokosi likadali kutali. Mzamba alibe njira yodziwira. Amakhulupirira inu."

Kuseka kunandithera pakamwa. Sindikudziwa kuti dzanja langa linakwera bwanji, ndinangoona mayi uja akundiloza.

"Madamu, tiyerekeze munthu wina, osati ine, munthu wina. Wamuika okisitosiniyo pashelefu pansi pa malata chilimwe chonse. Koma tsiku lobaya wamubwezera mu filiji, wazizira bwinobwino."

"Kunyanja kapena kumapiri?"

"Kunyanja."

"Ameneyo wapatsa mzamba madzi ozizira kuti abaye munthu amene akufa."

Anatembenuka n'kupitiriza phunziro, sanadziwe chimene wandichita. Ine ndinakhala pampando paja, manja ali pamaondo. Ndinaona kabokosi kaja ndikukatulutsa pakati pa batala, kakununkha nsomba. Ndinaona anesi akukagwira ndi kuseri kwa dzanja. Ndinadzimva ndekha ndikulankhula pamaliro, "ndinapereka ndi dzanja langali." Eya, ndinanena zoona pamenepo, ndinapereka ndi dzanja langa. Ndinatuluka, kukafika kuseri kwa holo, n'kusanza tiyi yense. Nthawi ya nkhomaliro anzanga ankandiitana kuti, "Mhone, nkhuku yako ikuzizira." Ndinakhala pansi pa mtengo wa paini mpaka anaweruka. Sindinalire. Ndinkachita mantha ngati mwana.

Pamene paja panali njira ziwiri. Palibe munthu wina padziko amene ankadziwa za shelefu ija. Ndikanatha kubwerera, kuchotsa nsomba mwakachetechete, n'kukhala munthu wabwino kuyambira tsiku limenelo. Kunena zoona ndinayesa zimenezo kwa milungu ingapo, ndipo ndinamwa kuposa kale lonse. Mowa unakana kugwira. Ukamwa kuti uiwale zimene anakuchita ena, umathandizako pang'ono. Ukamwa kuti uiwale zimene unachita wekha, umangokukumbutsa.

Tsono mverani zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza.

Choyamba ndinapita kwa a inchaji, amene panthawiyo anali ena atsopano, n'kuika makiyi patebulo. Ndinawauza zonse, za makapusozi a asodzi, za nsomba, za shelefu. Anandiyang'ana ngati aona njoka m'nyumba. Nkhani inapita ku boma, anandiimitsa ntchito, ndinakhala pakhomo nthawi yaitali ndikudikira kumangidwa. Pomaliza anandibwezera ku tsache ndi chikwakwa, kumene ndinayenera kukhala kuyambira pachiyambi. Sitolo anaipereka kwa mtsikana amene anapita kusukulu yeniyeni ya za mankhwala, a Nyirenda, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Tsiku limene anatsegula chitseko chija anagwira pamphuno. Tinatulutsa mankhwala otha mphamvu odzaza wilibala kangapo, anthu akuonerera, ine ndikukankha.

Mowa sindinausiye ndi pemphero limodzi ayi, asakunamizeni. Ndinasiya njira ya kumsika, ndinkazungulira kumunda wa chinangwa kuti ndisadutse pa bala. Malipiro ndinkapereka kwa mkulu wa mpingo wina, Ada Longwe, kuti azindigulira ufa ndi sopo. Ndinagwa kawiri, ndinadzukanso.

Chovuta kwambiri chinali amayi anga. Ndi amene akulera mwana wa Tamala. Ndinawapeza akusenda chinangwa kuseri kwa nyumba, ndinakhala pansi, n'kuwauza. Sanasiye kusenda mpaka nditamaliza. Kenako anafunsa funso limodzi.

"Batala uja unkabwera nayeyu, ine n'kumadya, n'kumakudalitsa, ndi ameneyo?"

"Ndi ameneyo, Ama."

Anaika mpeni pansi. "Ndiwe mwana wanga, sindingakubwezere m'mimba. Koma pamaliro anga usadzalankhule."

Mpaka lero ndikawapititsira kanthu amalandira ndi dzanja limodzi, maso ali kumbali. Lamulungu lotsatira ndinaima m'tchalitchi n'kunena zonse pamaso pa anthu omwe aja ndinawatsogolera. Ena anatuluka. Mlamu wanga, mwamuna wa Tamala, anandidikirira panja n'kundigwetsa dzino ili mukuliona lasowali. Sindinabwezere. Chimene chinandipweteka n'chakuti nditati, "Anesi a Kachale sanalakwe," amayi ena anafunsana kuti, "Akuti ndani?" Dzina anali ataliiwala. Ankangokumbuka kuti nesi wopha uja.

Lero ndimathandiza a Nyirenda kunyamula makatoni, ndipo ndaphunzira kwa iwo zimene ndinayenera kuphunzira ndisanagwire kiyi. Mu filiji ya mankhwala simulowa china chilichonse, kaya ndi nsomba, kaya ndi madzi akumwa a bwana. Muli kachipangizo koyezera kuzizira, amakayang'ana m'mawa ndi madzulo, ndipo gasi akatsala pang'ono amaimba foni asanathe. Mankhwala amene atha msanga amakhala kutsogolo, ndi amene amayamba kutuluka. Poitanitsa amawerenga zimene zili pashelefu ndi zimene zatuluka, salota. Zenera lakuseri analikhomera. Msodzi akabwera ndi nsomba amamuuza mwaulemu kuti akaime pamzere ngati wina aliyense, ndipo poyamba anthu ankati mtsikanayu ndi wamwano, pano anazolowera. Ine ndabwerera kusukulu ya masana ndi imvi zangazi, ndimakhala benchi limodzi ndi ana. Makiyi sindiwafuna mpaka nditapeza pepala.

Inu amene munangopatsidwa makiyi ngati ine, musachite manyazi kunena kuti sindikudziwa. Vutitsani mabwana anu akutumizeni kusukulu, kapena abweretse munthu amene anaphunzira. Kusesa ukalakwitsa umabwereza. Uku kulibe kubwereza. Ndipo amene mu filiji mwanu muli kanthu lero lino, mukudzidziwa, sindikulozani chala.

Chinatsala chinali chimodzi, chimene ndinkachizengereza kuposa zonse. Ndinafunsafunsa mpaka ndinamva kumene anesi a Kachale ali. Ndinakwera basi mpaka ku Ntcheu. Ndinkaganiza kuti ndikawapeza pachipatala china, atavala zoyera. Ndinawapeza pamsika wa m'mbali mwa msewu, atakhala pa chidebe, akugulitsa kabichi ndi mbatata ya kachewere. Anali atakalamba kuposa zaka zawo, chipsera chija chili pachipumi. Anandizindikira ndisanayandikire, ndipo ndinaona akubisa manja m'chitenje.

Ndinagwada pafumbi pomwepo, anthu akuyang'ana. Ndinati, "Mayi, sindinabwere ndi nkhondo." Ndinawauza zonse, kuyambira pa nsomba mpaka pa dzira la ku Mzuzu. Sanandidule mawu. Nditamaliza, mayi wina wogulitsa nawo ndi amene anandiuza, mokalipa, kuti chichokereni kunyanja sanalowenso m'chipinda chochirira. Anawatumiza pachipatala china, koma akangoona mayi wodwala manja ankanjenjemera mpaka jekeseni kugwa. Anasiya okha ntchito. Mwana wawo weniweni atadwala mimba kumudzi, iwo anathawira kudimba, kuopa kumugwira.

Ndinati, "Mundikhululukire, mayi."

Ngati sanamve. Anatulutsa manja aja m'chitenje, n'kuwayang'ana, kuwatembenuza.

"Ndiye kuti ndinabaya bwino?"

"Munabaya bwino, mayi."

"Pamalo pake? Mlingo wake?"

"Zonse munachita bwino. Mankhwala ndi amene anali akufa. Ndinawapha ndine."

"Ndi amayi ena aja? Aja ankataya magazi aja?"

"Onsewo ndi ine."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Misozi inatsika koma nkhope sinasinthe. Ndinadikira mawu oti ndakukhululukira, kapena oti Mulungu akulange, alionse ndikanalandira. Kunabwera munthu wofuna kabichi, anamugulitsa, anamupatsa chenji, ine ndili chigwadire. Atachoka munthuyo anandiyang'ana koyamba m'maso.

"A Mhone, ine ndinali mzamba wabwino."

"Munali wabwino, mayi."

"Dzukani, mukunditchingira makasitomala. Ndipo musadzabwerenso."

Ndinadzuka, ndinakwera basi, ndipo sindinabwerereko.